Tsamba Lomwe Bambo Anasuta

Kanabwera m'thumba la jekete ya kaunjika,
kopindidwa pakati, konunkha mankhwala a njenjete.
Jeketeyo achimwene anagula pa Chinkhoma.
Kabukuko ndinalanda ine.

Chikuto panalibe. Nkhani inayambira pakati:
amuna anayi pamzere, mitu ili m'zipewa ngati maungu,
chingwe chili patsogolo pawo.
M'bokosi lotsatira chingwe chakwera,
ndipo lachitatu linali fumbi lokhalokha,
wojambula mpaka anasowa poika mawu.

Chingerezi chathu chinali cha Sitandade 3,
chongokwanira kupempha kupita panja.
Ndiye timitambo totuluka m'kamwa mwawo
tinkatidzaza tokha.
Zefaniya ankalankhulira wa nambala seveni,
n'kumupatsa mawu a kondakitala wa basi ya ku Mzuzu.
Wa ndevu uja tinagwirizana kuti ndi mfiti.

Anali Nasitaziya, chala chili pa chithunzi,
amene anati, "Taonani, njinga izi zilibe mabuleki."
Tinakhala chete.
Anthu akulu, a ndalama zawo,
kuthamanga dala popanda choimitsira,
kukhota cham'mbali, phazi lamanzere likupala nthaka,
kumanzere, kumanzere, kumanzere basi,
ngati kumanja kuli ngongole.

Madzulo ake njinga yakapalasa ya amalume,
yomwe mabuleki ake anatha ndisanabadwe,
inasiya kukhala chamanyazi.
Tinaika katoni m'masipoko kuti izilira.
Zefaniya anaphwanya chitini, n'kuchimangira kuphazi ndi luzi,
tinazungulira chulu cha kuseri kwa chigafa
mpaka nkhuku zinasamuka,
mpaka fumbi linatera pa fodya wopachika
ndipo tinakwapulidwa tonse atatu, motsatana msinkhu.
Chipsera cha pa bondo langali ndi cha ngodya yachitatu.

Tinkawerenga tsamba limodzi patsiku kuti kasathe.
Linatsala limodzi.
Seveni anali wachiwiri, wa ndevu atamutsekera njira,
mbendera ili m'mwamba kale.
Tinapangana: mawa, tikaweruka.

Bambo anabwera usiku, zala zakuda ndi phula la fodya.
Anafufuza pepala pawindo, m'thumba, pansi pa wailesi.
Ndinali maso pamphasa, koma mwana sanena.
Ndinamva kung'ambika.
Anapichira chingambwe bwinobwino, osafulumira,
ananyambita m'mphepete,
ndipo moto unayambira ku tayala lakutsogolo.
Mpikisano wonse unatulukira m'mphuno mwawo
n'kukwera kudenga.

Zaka zapita zingati, makumi atatu?
Ine ndimalemba manambala pa mabelo a eni ake.
Ndikafika pa seveni cholembera chimachedwa pang'ono.
Nasitaziya ali ku Nkhamenya, amasoka mayunifolomu.
Zefaniya ali ndi njinga yamoto yeniyeni tsopano, yangongole,
amaima pa siteji kudikira anthu.
Amanyamula amayi ndi mazira, aphunzitsi, mbuzi yomanga miyendo,
mabuleki amawayesa kawiri asananyamuke
chifukwa kunyumba kuli ana anayi.

Bambo ndinawafunsa kamodzi, ali pa bedi kuchipatala cha Kasungu,
chifuwa chikulira ngati katoni uja m'masipoko.
Ndinkayesa aiwala.
Anaseka mpaka anamwino anatembenuka.
"Pepala lija? Linakoma.
Ayenera kuti anapambana mnyamata wakoyo."

Sabata yatha Zefaniya ananditenga, dzuwa litapendeka.
Sitinakambe za kale. Tinakamba za mtengo wa mafuta.
Koma pokhotera kumudzi, paja pali mchenga,
msewu umapita kumanzere.
Ndinamva injini ikukwera mawu,
tayala lakumbuyo likutaya mzere pang'ono,
ndipo ndinaona phazi lake, mu nsapato yong'ambika,
likutsika pa chopondera.

Ndinamugwira malaya.
Sindinamuuze kuti aime.